Mgaiwa Si Mankhwala: Kadyedwe ka Odwala Shuga ndi BP ku Misesa

Munthu akangopezeka ndi matenda a shuga mu mzinda wa Blantyre, uphungu woyamba umene amamva, kaya pabenchi ya kuchipatala, kaya pakhomo la tchalitchi, kaya m'minibasi yochokera ku Limbe, umakhala wakuti asiye ufa woyera ayambe mgaiwa. Akapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, limene ambirife timangoti BP, amamuuza kuti asiye mchere. Malangizo awiriwa ali ndi choonadi mkati mwake, koma ndi ochepa kwambiri moti munthu akhoza kuwatsata mokhulupirika chaka chathunthu osaona kusintha kulikonse. Amadya mitanda itatu ya mgaiwa masana ndi itatu madzulo, shuga ali pamwamba pomwepo. Amachotsa mbale ya mchere patebulo, koma ndiwo zake zonse zimalowa timapaketi tokometsera ndi soda. Pamapeto pake amagwa ulesi n'kunena kuti za zakudyazi n'zabodza.

Phunziro lino likukamba za chisamaliro cha kadyedwe ngati mbali ya chithandizo cha kuchipatala, chinthu choyezedwa molingana ndi munthu mmodzi, mankhwala ake, ntchito yake ndi thumba lake. Tikambirana poganizira banja la ku Misesa, kumene ufa umagulidwa wa walkman tsiku ndi tsiku, makala ndi a pakamulu, ndipo mphika wa ndiwo ndi umodzi wa nyumba yonse.

Chakudza sichiimba ng'oma

M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la WHO unachita kafukufuku wotchedwa STEPS m'dziko lonse la Malawi. Mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anapezeka ndi BP yokwera, ndipo oposa pang'ono 5 mwa 100 aliwonse anali ndi shuga wokwera. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Matenda awiriwa amalowa mwakachetechete. BP sipweteka mutu nthawi zonse monga timaganizira, ndipo shuga amatha kukhala m'thupi zaka munthu asanayambe kumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuwonda ndi kufooka.

Manambala ofunika kuwasunga pamtima ndi ochepa. BP imatchedwa yokwera ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa apo pamasiku osiyana. Shuga woyezedwa m'mawa munthu asanadye akafika 7.0 mmol/L, amene pa makina ena amaoneka ngati 126 mg/dL, ndiye kuti pali matenda a shuga. Akatsika kufika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL, ndiye kuti watsikitsa, ndipo ngoziyo imapha msanga kuposa kukwera. Tibwereranso pa mfundo imeneyi chifukwa imatikhudza kwambiri ife osala kudya.

Chimene chimachitika m'thupi n'chosavuta kuchimvetsa. Zakudya zonse zokhutitsa, nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, buledi, zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Insulini ndiye mfungulo yotsegulira shugayo kuti alowe m'minofu n'kukhala mphamvu. Wodwala shuga amakhala kuti insulini wake ndi wochepa kapena thupi lake silikumumvera, motero shuga amangozungulira m'magazi n'kumawononga timitsempha ting'onoting'ono ta m'maso, mu impso ndi m'mapazi. Mchere nawo umasunga madzi m'thupi, magazi amachuluka m'mitsempha, mtima n'kumapopa mokakamiza. Matenda awiriwa akakumana mwa munthu mmodzi, monga zimachitikira kawirikawiri, amathandizana kugwetsa nyumba imodzi. Mapeto ake ndi sitiroko, khungu, zilonda za kuphazi zosapola, kapena impso zosiya kugwira ntchito. Makina osefa magazi a odwala impso alipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, koma sangakwanire aliyense wowafuna, ndipo palibe amene angakonde kuti moyo wake udalire makinawo sabata ndi sabata.

Funsani kaye musanalangize

Akatswiri a kadyedwe ka odwala akadali ochepa m'dziko muno. Maphunziro awo anayamba posachedwapa ku LUANAR, ku Bunda, mogwirizana ndi College of Medicine, imene tsopano ili m'yunivesite ya KUHeS. Choncho wodwala wopita kuzipatala zazing'ono za ku Limbe, Zingwangwa kapena Bangwe amene adzakumane naye ndi namwino kapena kilinikala, ndipo akabwerera kunyumba amakumana ndi ife, mlongo wa Dorika, mkulu wampingo, mwana wake wophunzira kukoleji. Ntchito imene ikanagwiridwa ndi katswiri yatigwera, ndiye tiyenera kuidziwa bwino.

Ntchitoyo imayamba ndi kufunsa. Tiyerekeze odwala awiri ochokera ku Misesa amene abwera tsiku limodzi, onse ali ndi shuga ndi BP. Woyamba ndi mayi wa zaka 52 wogulitsa mandasi, wonenepa, amene amakhala pabenchi tsiku lonse, ndipo mandasi otsala madzulo sangawataye. Wachiwiri ndi bambo wa zaka 45 woonda, woswa miyala, amene amadya kamodzi patsiku, nthawi zina osadya n'komwe. Mukawapatsa pepala limodzi la malangizo mwalakwira onse awiri. Mayiyu akufunika kuchepetsa chakudya ndi kutsitsa thupi pang'onopang'ono. Bamboyu akamva zochepetsa chakudya n'kuzitsata, akumwanso mankhwala otsitsa shuga, akhoza kukomoka ali ndi nyundo m'manja.

N'chifukwa chake timayamba ndi sikelo, muyezo wa msinkhu ndi tepi ya m'chiuno. Mafuta a pamimba ndiwo oopsa kwambiri: chiuno choposa masentimita 80 kwa amayi ndi 94 kwa abambo ndi chenjezo, ngakhale kwathu kuno kamimba timakatcha chizindikiro cha kupeza bwino. Kenako timafunsa zonse zimene munthu wadya ndi kumwa kuyambira dzulo m'mawa mpaka lero. Funso ili likufuna kudekha. Mukafunsa kuti “Mumadya chiyani?” yankho lidzakhala lakuti nsima ndi masamba, popeza aliyense amadziwa yankho lokondweretsa adokotala. Funsani kuti, “Dzulo mutadzuka munayamba ndi chiyani, mayi? Munathira masupuni angati? Nanga pakati pa m'mawa ndi masana panalibe kanthu kotafuna?” Pamenepo thobwa, zitumbuwa, nzimbe ndi tchipisi cha pachiwaya zimatulukira zokha. Funsaninso amene amaphika, amene amagula, kuchuluka kwa anthu odya m'nyumbamo, ndi masiku a pamwezi amene ufa umatha.

Musaiwale mankhwala ena amene munthuyo akumwa. Kuyambira 2019 ambiri mwa omwa ma ARV m'Malawi anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene amagwira ntchito bwino kwambiri koma ena amanenepa nawo. Amenewa sayenera kusiya mankhwala awo ngakhale tsiku limodzi. Chofunika ndi kuyezetsa thupi, BP ndi shuga pafupipafupi.

Nkhani ya nsima

Apa ndipo pagona nkhani. Ofufuza a ku LUANAR anasindikiza mu 2016 zotsatira za kafukufuku amene anayeza momwe nsima ya ufa wa mitundu itatu imakwezera shuga m'magazi. Anapatsa nsimayo anthu 11 athanzi n'kuyerekeza ndi shuga weniweni wa glucose, amene pa muyezo umenewu amaikidwa pa 100. Nsima ya mgaiwa inapezeka pa 94. Ya ufa wa chimanga chokonola koma chosaviika, umene timati gramil, inapitirira 100 mpaka kufika pa 109. Ya ufa wa chimanga chokonola n'kuviika masiku angapo, ndiwo ufa woyera wa kumudzi uja, inapezeka pa 65, yotsika kuposa zonse.

Ambiri akamva izi amadabwa, ena amakwiya kumene. Tisathamange. Anthu 11 ndi ochepa, ndiponso sanali odwala shuga, choncho kafukufuku mmodziyu sakutilamula kuti tonse tibwerere ku ufa woyera. Mgaiwa uli ndi ubwino wake umene sunachoke: gaga ndi mtima wa chimanga zimatsalamo, ndiye kuti muli faiba, mavitamini a gulu la B, mafuta pang'ono ndi michere ina imene imatayika pokonola ndi poviika. Umakhalitsanso m'mimba, ndipo thumba la chimanga limatulutsa ufa wambiri likagayidwa osakonola, chinthu chimene banja la ku Misesa silingachinyoze. Koma chimene kafukufukuyu akutiphunzitsa n'chomveka: mgaiwa ndi chimanga ndithu, ndipo chikagayidwa mosalala n'kuphikidwa chimasanduka shuga msanga. Amene amadya mgaiwa mopanda muyezo poganiza kuti akumwa mankhwala akudzinamiza.

Funso lenileni ndi kukula kwa mtanda ndi zimene zautsagana. Njira yosavuta yophunzitsira ndi ya mbale. Tengani mbale yafulati ya wodwalayo. Theka lake likhale masamba. Gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya, dzira kapena nsomba. Gawo lotsalalo ndilo la nsima, mtanda umodzi wolingana ndi chibakera cha mwini wakeyo. Wogwira ntchito yolemetsa akhoza kuwonjezerako atakambirana ndi achipatala, koma poyambira ndi pamenepo. Izi zikutembenuza kadyedwe kathu mutu pansi. Ife tinazolowera kuti nsima ndiyo chakudya, ndiwo n'zongotsitsira, moti kambale ka masamba kamodzi kamakwanira anthu asanu. Kwa wodwala shuga ndiwo ndizo ziyenera kukhutitsa.

Wina anena kuti zimenezi n'za anthu a ku Namiwawa. Ayi. Bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, chigwada, khwanya ndi therere ndi ndiwo zotsika mtengo kuposa zonse pamsika, ndipo nthawi ya dzinja zina zimamera zokha kuseri kwa bafa. Thumba lakale la simenti kapena la feteleza lodzaza dothi limabala mpiru wokwanira ngakhale palendi popanda bwalo. Nandolo wa ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu amafika mu Limbe wambiri nyengo yake. Zanyemba zimakweza shuga pang'onopang'ono, zimakhutitsa, ndipo zimathandizanso BP. Vuto lake lenileni ndi makala, popeza nyemba zimadya moto. Kuziviika usiku wonse kumafupikitsa kuphika, ndipo ndi uphungu umene uli ndi phindu kuposa kumuuza munthu kuti azigula ma apulo.

Chovuta china ndi kudyera mbale imodzi. Pamene anthu anayi akutema nsima m'mbale imodzi palibe amene angadziwe kuti wadya yochuluka bwanji. Wodwala akhale ndi mbale yakeyake, koma chakudya chikhale chomwecho chimene onse akudya. Kuphikira munthu mmodzi mphika wapadera kumatha sabata ziwiri zokha, makala akatha zimathera pomwepo, ndipo wodwalayo amadziona ngati mtolo. Kuli bwino nyumba yonse isinthe pang'ono kusiyana n'kuti munthu mmodzi asinthe zonse. Ana a m'nyumbamo nawonso ali pamzere wa matenda omwewa, popeza amayenda m'magazi.

Mbatata, chinangwa, mbatatesi, mpunga, nthochi zophika ndi chimanga chootcha zili m'gulu limodzi ndi nsima. Sizoletsedwa, koma zilowe m'malo mwa nsima, zisakhale zowonjezera. Futali wa m'mawa ndi wabwino kuposa mabanzi atatu, bola akhale wa muyezo womwe uja wa chibakera.

Shuga wa m'kapu

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu, ngakhale wosadwala, asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira patsiku, ndiwo masupuni aang'ono 12, ndipo kuli bwino koposa atakhala theka la pamenepo. Botolo limodzi la chakumwa chozizira cha mamililita 300 limakhala ndi masupuni pafupifupi 8. Makapu atatu a chakumwa chotentha, masupuni atatu pa kapu iliyonse, ndi masupuni 9, ndipo masupuni athu amakhala osefukira. Shuga wa m'madzi amalowa m'magazi mofulumira kuposa wa m'chakudya chotafuna, choncho kwa wodwala shuga apa ndi pofunika kudula kotheratu, kupatula pamene shuga watsikitsa.

Ife a Adventist timanyadira kuti sitimwa tiyi ndi khofi, koma kapu ya soya wokazinga kapena ya madzi a mandimu yothira masupuni anayi a shuga imachita m'magazi zomwezo zimene imachita tiyi wa mnansi wathu. Thobwa ndi maheu ndi ufa, chimera ndi shuga pamodzi. Sobo ngakhale mutamusungunula kwambiri amakhala shuga ndithu. Shuga wabulauni sasiyana ndi woyera pa nkhani imeneyi, ndipo vitamini A amene amathiridwa mu shuga wa m'Malawi samuchotsa ukali. Uchi nawonso ndi shuga. Pa Miyambo 25:16 pali chenjezo la kudya uchi mopitirira muyezo, ndipo linalembedwa kalekale makina oyezera asanabwere.

Zipatso zisaopedwe. Gwafa, papaya, lalanje, nachesi la ku Mwanza, peyala, masuku ndi malambe ndi zabwino, chipatso chimodzi kapena kambale kamodzi panthawi, chodyedwa chathunthu osati chofinya. Chimene chimavuta ndi December, pamene mango amatsika mtengo munthu n'kukhala pansi ndi beseni lonse.

Mchere umene sitiuona

Muyezo wa WHO ndi wakuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, ndiyo supuni yaing'ono imodzi yosasefukira, kuwerengera mchere wonse, wa m'ndiwo, wa m'buledi ndi wa m'zonse zogula. Pali njira yoyezera imene banja lililonse lingachite popanda sikelo. Lembani tsiku limene mwatsegula paketi ya mchere ya kilogalamu imodzi, ndi tsiku limene yatha. Ngati m'nyumba muli anthu asanu ndipo paketiyo yatha m'masiku 20, aliyense akudya magalamu 10 patsiku, kuwirikiza kawiri muyezo uja, tisanawerengere n'komwe wa m'zakudya zogula. Paketi imeneyo iyenera kupitirira masiku 40.

Chimene chimakweza BP mu mchere ndi sodiyamu, ndipo sodiyamu sapezeka mu mchere mokha. Soda amene timathira m'therere, m'chigwada ndi m'nyemba kuti zifewe msanga ndi sodiyamu, ndipo amaphanso mavitamini ena a m'masamba. Timakyubu ndi timapaketi ta ufa wokometsera msuzi mbali yake yaikulu ndi mchere. Kapaketi kokometsera kamene kamabwera ndi soya pieces n'chimodzimodzi, ndipo apa tiyenera kunena mosabisa kuti ndiwo imeneyi yakhala nyama ya Adventist wa m'tauni. Soyayo payekha alibe mlandu. Mlandu uli m'zokometsera zake, choncho thirani theka kapena ochepera apo, ndipo musawonjezerenso mchere wina. Nsomba zouma zothira mchere ziviikidwe ndi kutsukidwa, madzi oyambawo atayidwe. Buledi, majarini, soseji, tchipisi cha m'mapaketi ndi kamchere ka pachiwaya kosakaniza ndi tsabola, zonsezi zimawerengedwa.

Kusiyiratu mchere tsiku limodzi sikutheka, ndipo sikufunika. Ndiwo zopanda mchere konse munthu amazidya masiku atatu n'kuyamba kubisa kamchere m'thumba. Lilime limazolowera m'masabata angapo ngati wophika akuchepetsa pang'onopang'ono mumphika wa banja lonse, osalengeza. Tomato, anyezi, adyo, jinja, mandimu ndi nsinjiro zimabwezera kukoma. Mchere wochepa umene watsalawo ukhale wa ayodini.

Kuchepetsa mchere ndi theka chabe la nkhani ya BP. Kafukufuku wotchuka wa DASH, wa ku America, wofalitsidwa mu 1997, anaonetsa kuti chakudya chochuluka masamba ndi zipatso, chokhala ndi mkaka wopanda mafuta ambiri komanso chochepa mafuta a nyama, chinatsitsa nambala yapamwamba ya BP ndi pafupifupi 11 mwa anthu a BP yokwera, m'masabata 8 okha. Kutsika kotereku n'kofanana ndi kwa piritsi limodzi la BP. Mbali ina ya mphamvu imeneyi imachokera ku potaziyamu wa m'masamba, nyemba, nthochi ndi mapeyala. Koma pano pali chenjezo limene wophunzira zachipatala asaliiwale. Munthu amene impso zake zayamba kufooka satha kutulutsa potaziyamu, ndipo akumwa enalapril potaziyamuyo amasungika kwambiri mpaka kusokoneza kugunda kwa mtima. Kwa wotereyu uphungu wabwino uja umasanduka woopsa, makamaka mchere wapadera wogulitsidwa m'masitolo ngati wa odwala BP, umene umakhala wa potaziyamu. Wodwala wotupa miyendo kapena amene anauzidwa za vuto la impso asalangizidwe ndi ife patchalitchi. Abwerere kuchipatala akayezedwe magazi.

Chakudya ndi mankhwala ziyendere limodzi

Mankhwala a shuga opezeka kawirikawiri m'zipatala zathu ndi metformin, glibenclamide ndi insulini. Metformin amamwedwa pamodzi ndi chakudya kuti asavute m'mimba, ndipo payekha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri. Glibenclamide ndi insulini ndi ena. Akalowa m'thupi amagwira ntchito kaya munthu wadya kaya sanadye. Wamwa piritsi m'mawa, ufa kulibe, wapita kuganyu, pofika 11 koloko wayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa, mtima kugunda, kuyankhula zosamveka ngati woledzera. Ndiko kutsikitsa kwa shuga. Wothandiza amupatse masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, kapena theka la botolo la chakumwa chozizira, adikire mphindi 15, abwerezenso ngati sanasinthe, kenako adye chakudya chenicheni. Ngati wakomoka asamwetsedwe kanthu chifukwa angatsamwe. Amugoneke chammbali, ampake shuga pang'ono mkati mwa tsaya, n'kuthamangira naye kuchipatala.

Chifukwa cha ichi, kudya katatu patsiku panthawi zosasinthasintha, chakudya chochepa, n'kwabwino kwa wodwala shuga kuposa kudya kamodzi kokhuta. Ngati m'nyumba chakudya sichikwanira, monga zimakhalira mu January ndi February, kapena monga zinalili mitengo itakwera pambuyo pa kugwa kwa kwacha mu November 2023, wodwala awauze achipatala mosachita manyazi kuti mankhwala asinthidwe. Umphawi ndi mbali ya mbiri ya matenda, ndipo wachipatala wosafunsa za ufa sanamalize kuyeza wodwala wake.

Izi zikutifikitsa pa Sabata. Munthu wadzuka 6 koloko, wabaya insulini, wamwa phala pang'ono, wayenda mtunda kupita ku Sukulu ya Sabata. Ulaliki watalika, zolengeza zachuluka, nkhomaliro ikudyedwa 2 koloko. Wotereyu ayenera kunyamula kanthu m'chikwama, nthochi kapena mtedza, n'kutuluka kukadya nthawi yake ikakwana popanda wina womuyang'ana ndi diso. Pa masiku osala kudya ndi kupemphera, atsogoleri anene poyera kuchokera kutsogolo kuti odwala shuga amene ali pa mankhwala asasale popanda kukambirana ndi achipatala. Akapanda kunena, okhulupirika kwambiri ndi amene amasala, ndipo ndi amene amagwa. Ambuye Yesu ataukitsa mwana wa Yairo, pa Marko 5:43, analamula kuti mwanayo apatsidwe chakudya. Chozizwitsa sichinachotse kufunika kwa mbale.

Pamene tili ndi mwayi, ndi pamene timadzinamiza

Mpingo wathu uli ndi chifukwa chomveka cholankhulira pa nkhaniyi. Malamulo, ku Makwasa, yakhalapo kuyambira 1902, ndipo uthenga wa zaumoyo ndi wakale kuposa apo. Kafukufuku wa Adventist Health Study-2, amene Loma Linda University inayamba mu 2002 pa a Adventist pafupifupi 96,000 a ku United States ndi Canada, anapeza kuti mwa osadya chilichonse chochokera ku nyama, 2.9 mwa 100 aliwonse ndi amene anali ndi shuga, pamene mwa odya nyama anali 7.6. Kusamwa mowa ndi kusasuta fodya kumatiteteza ndithu ku BP ndi sitiroko.

Koma manambala amenewa si chikalata chotimasula. Anthu a m'kafukufukuyo ankadya zanyemba, mtedza, masamba ndi mbewu zosakonola. Munthu akhoza kusadya nyama zaka 30 n'kumakhalira mpunga woyera, tchipisi, mandasi, mafuta osambira m'ndiwo ndi Sobo. Yang'anani mbale za nkhomaliro ya pamodzi pa Sabata la alendo kapena pamsonkhano wa misasa: mpunga, nsima, mbatatesi ndi supageti m'mbale imodzi, kabichi supuni imodzi pambali. Zonsezo n'zoyera monga mwa Levitiko 11, ndipo zonsezo n'zokweza shuga. Danieli ndi anzake sanangokana za patebulo la mfumu. Anapemphanso kuti ayesedwe masiku 10 n'kuonedwa zotsatira zake. Wodwala wathu nayenso aziyesedwa, ndipo kabuku kake ka kuchipatala ndiko kanene ngati kadyedwe kake kakuthandiza.

Kudzinamiza kwina n'koopsa kwambiri, ndiko kusiya mankhwala. Pakati pathu pamayenda mawu akuti chamwamba, nimu, adyo, aloe vera kapena timabotolo todula togulitsidwa pambuyo pa mapemphero timachiza shuga ndi BP. Masamba a chamwamba ndi ndiwo yabwino, idyani. Koma palibe mwa zimenezi chimene chingalowe m'malo mwa insulini, ndipo mwana kapena wachinyamata amene thupi lake silipanga insulini akasiya kubaya amatha kufa m'masiku ochepa. N'zoona kuti ena onenepa amene shuga wawayamba kumene akatsitsa thupi kwambiri shuga wawo amabwerera m'malo, ndipo ena a BP amachepetseredwa mapiritsi. Wochepetsa mankhwalawo akhale wachipatala amene waona manambala, osati mlaliki wa zaumoyo, ngakhale atakhala wa mtima wabwino chotani.

Potsiriza pali dengu la kukazonda odwala. Ku Queen Elizabeth, monga m'zipatala zina za boma, chakudya chambiri chimene wodwala amadya chimadzera mwa womudikirira ndi mwa alendo. Gulu la Dorika kapena la achinyamata likamapita kuwodi limanyamula mwachizolowezi buledi, shuga, Sobo ndi zakumwa zozizira. Kwa mayi amene wagonekedwa ndi chilonda cha shuga kuphazi, mphatso imeneyi ikulimbana ndi insulini amene anamwino akumubaya, pomwe chilondacho chikufuna mapuloteni kuti chipole. Mazira owiritsa, nyemba, masamba otendera ophika ndi mchere wochepa, mtedza wosathira mchere, magwafa angapo, ndi ndalama ya makala ya womudikirira zingagulidwe ndi ndalama yomweyo. Musanalowe nazo funsani namwino wa pawodi ngati wodwalayo ali ndi vuto la impso, ndiponso nthawi imene amabayidwa, kuti chakudya chifike nthawi yake.